Phunziro 6: Dzuwa, Khungu Lathu ndi Vitamini D

Zolinga za phunziroli

Pomaliza pa phunziro lino, aliyense wa ife athe:

1. kufotokoza ntchito ya vitamini D m'thupi ndi kumene amachokera;
2. kutchula anthu a m'mudzi mwathu amene dzuwa silikuwafika mokwanira;
3. kutchula anthu amene dzuwa limawapweteka ndi njira zowatetezera;
4. kugwirizana ndi anzake pa ntchito imodzi yoti gulu lichite mwezi uno.

Mau oyamba

Ife a kuno ku Lifuwu, m'dera la Mfumu Yaikulu Kuluunda m'boma la Salima, za dzuwa sitichita kuuzidwa. Ndi lomwe limaumitsa usipa pathandala, ndi lomwenso limakhwimitsa mpunga m'minda mwathu. Mwezi wa Okutobala mchenga wa kunyanja umaotcha mapazi. Dera lathu lili pafupi ndi pakati pa dziko lapansi, kotero kuti kawiri pachaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale, dzuwa la masana limaima paliwombo penipeni.

Buku la Genesis, mutu woyamba, limatiphunzitsa kuti dzuwa linalengedwa ndi Mulungu ndipo ndi labwino. Koma ngakhale dzuwa ndi limodzi, matupi athu salilandira mofanana. M'mudzi mommuno alipo anthu amene akulisowa chifukwa satuluka m'nyumba. Aliponso ena amene likuwaonongera moyo pang'onopang'ono chifukwa alibe chodzitetezera. Magulu awiri onsewa sangathe kudzithandiza okha. Akuyembekeza ife abale ao.

Vitamini D ndi ntchito yake

Mafupa ndi mano athu amalimba ndi mchere wa m'zakudya wotchedwa kashiamu. Kuti mcherewu uchoke m'matumbo ndi kulowa m'magazi, thupi limafuna vitamini D. Tiyerekeze ndi ntchito yomanga nyumba. Kashiamu ndiye njerwa, vitamini D ndiye ngolo yotutira njerwazo. Njerwa zikakhalapo koma ngolo palibe, khoma silikwera. Ngolo ikakhalapo koma njerwa palibe, khoma silikweranso.

Mavitamini ena timachita kudya. Vitamini D ndi wosiyana, pakuti wochuluka thupi limadzipangira lokha. M'kuwala kwa dzuwa muli cheza china chosaoneka ndi maso chimene akatswiri amachitcha UVB. Chezachi chikagunda khungu chimasandutsa mafuta ena a m'khungumo kukhala vitamini D. Magazi amamutengera ku chiwindi, ndipo kuchoka apo amapita ku impso, kumene amakonzedwa komaliza kuti ayambe kugwira ntchito.

Tidziwe zinthu zitatu za chezachi. Choyamba, sichidutsa pagalasi la zenera kapena pansalu yokhuthala. Chachiwiri, dzuwa likangotuluka kumene kapena likamalowa chimakhala chochepa kwambiri. Chimachuluka dzuwa likamakwera. Chachitatu, cheza chomwechi chikapyola muyeso ndi chimene chimaotcha khungu ndi kuyambitsa khansa.

Mwana akasowa vitamini D kapena kashiamu kwa nthawi yaitali, mafupa ake amafewa. Akayamba kuyenda miyendo imapindika, ndiye matewe aja. Zizindikiro zina ndi kutupa kwa mfundo zolumikiza dzanja ndi mkono, liwombo kuchedwa kutsekeka, mano kuchedwa kumera ndiponso kuchedwa kuyenda. Mtsikana amene anafewa mafupa ali mwana akhoza kukhala ndi mafupa a m'chiuno opanikizika, nadzavutika pobereka atakula. Kwa akulu, vutoli limaoneka ndi kuwawa kwa mafupa, kufooka kwa miyendo podzuka, ndi kuthyoka msanga munthu akagwa.

Komabe si mwana aliyense wokhota miyendo amene akudwala. Ana ambiri osakwana zaka 2 miyendo yao imaoneka yokhotako, ndipo imawongoka yokha akamakula. Woyenera kuweruza ndi a chipatala. Tikakayika, timutengere mwanayo kusikelo.

Mmene zimenezi zinadziwikira

Zaka za m'ma 1800, ana ambirimbiri a m'mizinda ya mafakitale ku Ulaya anali ndi matewe. Ankakhala m'tinjira topanikizana, ndipo utsi wa malasha unkaphimba dzuwa. Dokotala wina wachimishoni, Theobald Palm, amene anagwirapo ntchito ku Japan, anadabwa kuona kuti kumeneko matendawa anali osowa ngakhale pakati pa anthu osauka. Analembera makalata amishoni anzake m'maiko osiyanasiyana kuwafunsa zimene ankaona. M'chaka cha 1890 anafalitsa zimene anapeza: matewe ankachuluka kumene ana sankaona dzuwa.

M'chaka cha 1919 dokotala wa ku Berlin, Kurt Huldschinsky, anachiritsa ana a matewe powaunikira ndi nyale zotulutsa cheza chonga cha dzuwa. Chaka chomwecho ku Britain, Edward Mellanby anaonetsa kuti mafuta a chiwindi cha nsomba amachiza matendawa mwa agalu. M'chaka cha 1922 Elmer McCollum wa ku America ndi anzake anatsimikiza kuti m'mafutawo muli vitamini wina wapadera, ndiye amene anatchedwa vitamini D. Motero anthu anazindikira kuti njira ndi ziwiri, dzuwa ndi chakudya.

Nanga kuno kwathu?

Wina akhoza kunena kuti, “Amenewo ndi mavuto a azungu, ife dzuwa tili nalo lambiri.” Ndi zoona kuti msodzi, mlimi wa mpunga, mayi woyanika nsomba ndi mwana wosewera pabwalo amalandira dzuwa lokwanira ndi kupitirira. Anthu otere safunika kuchita kukhalira padzuwa dala kapena kugula mapiritsi a vitamini D.

Koma m'chaka cha 2020 Reagan Mogire wa ku Kenya ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atasonkhanitsa kafukufuku wochokera m'maiko ambiri a mu Africa. Mwa anthu atatu alionse amene anayezedwa magazi, pafupifupi mmodzi anali ndi vitamini D wochepera muyeso umene madokotala ambiri amauona wokwanira. Vutoli linali lalikulu mwa ana obadwa kumene, amai ndi anthu a m'mizinda.

Khungu lakuda lili ndi utoto wachilengedwe wotchedwa melanini. Utotowu uli ngati denga lotchinga cheza cha dzuwa, ndipo n'chifukwa chake ambiri a ife sitipsa khungu msanga. Denga lomwelo limachititsa kuti munthu wakuda afune nthawi yotalikirapo padzuwa kuti apange vitamini D wofanana ndi wa munthu woyera. Kuno kwathu zimenezi si vuto kwa munthu woyendayenda panja. Zimasanduka vuto kwa munthu wobindikira m'nyumba. Zimawavutanso abale athu amene anapita kukagwira ntchito ku maiko ozizira monga Britain, kumene kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa limakhala lopanda mphamvu yopangira vitamini D, ndipo a zaumoyo kumeneko amalangiza anthu kumwa mapiritsi m'miyezi imeneyi.

Palinso phunziro lochokera ku Nigeria. M'chaka cha 1999 dokotala Tom Thacher ndi anzake a mumzinda wa Jos anaonetsa kuti ana a matewe kumeneko anachira bwino atapatsidwa kashiamu kusiyana ndi amene anapatsidwa vitamini D yekha. Anawo dzuwa ankaliona tsiku ndi tsiku. Ngolo inalipo, zimene zinkasowa ndi njerwa. Chakudya chao chinali cha chimanga chopanda mkaka. Nafenso tiganize: nsima ya ufa woyera ndi mpunga zili ndi kashiamu wochepa kwambiri.

Apa ife a kunyanja tili ndi mwai. Usipa, bonya ndi matemba timadya ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo ndi m'mene muli kashiamu. Nsomba zamafuta, chikasu cha dzira ndi chiwindi zili ndi vitamini D. Mawere, mkaka, bonongwe ndi masamba a cham'mwamba zimaonjezeranso kashiamu. Mwana akakwana miyezi 6, tikhoza kusinja usipa wouma kukhala ufa ndi kuthira m'phala lake. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zina nsomba yonse imakwera galimoto kupita ku Lilongwe, ana a msodzi n'kudyera nsima mchere. Tisanagulitse, tiyambe tapatula ya ana.

Amene dzuwa silikuwafika

Okalamba. Khungu la munthu wokalamba limapanga vitamini D wochepa kusiyana ndi la mnyamata. Agogo akayamba kuvutika kuyenda, timawayalira mphasa m'nyumba, ndipo pamatha masabata asanaone kunja. Mafupa amanka nafooka, ndipo tsiku lina akaterereka amathyoka chiuno osadzukanso.

Odwala matenda a mgonagona. Ena amakhala m'kachipinda kamdima miyezi yambiri, nthawi zina chifukwa banja likuchita manyazi ndi matendawo.

Ana olumala. Mabanja ena amabisa mwana wosayenda kapena wa khunyu poopa zonena za anthu. Mwana wotere amasowa dzuwa, amasowa anzake, amasowanso sukulu. Mankhwala ena a khunyu amachepetsanso vitamini D m'thupi. Mankhwalawo asasiyidwe ai, chifukwa ndi oteteza moyo. Chofunika ndi kumutulutsa mwanayo panja ndi kumudyetsa bwino.

Amai oyembekezera ndi oyamwitsa amene satuluka kawirikawiri, kapena amene chikhulupiriro ndi mwambo wao zimafuna kuti azifunda thupi lonse. Mwana amabadwa ndi vitamini D amene analandira kwa mai ake ali m'mimba. Kavalidwe ka munthu tiyenera kukalemekeza. Mai wotere akhoza kukhala padzuwa kumpanda kwa nyumba yake, manja ndi miyendo zili poyera, popanda kulakwira chikhulupiriro chake.

Kwa anthu onsewa thandizo silifuna ndalama. Tiwatulutse pabwalo masiku angapo pasabata, dzuwa litakwerako cha m'ma 9 koloko, manja ndi miyendo zili pamtunda. Akhale kanthawi kochepa, ndipo dzuwa likayamba kuwawa abwerere pamthunzi. Tiwapatsenso madzi akumwa.

Makanda ali ndi malangizo aoao. Khungu la mwana wosakwana miyezi 6 ndi lanthete, choncho asagonekedwe padzuwa lowawa. Kuyenda naye panja, monga timachitira popita kumunda, kuchigayo kapena kutchalitchi, n'kwabwino, koma akhale wotchingidwa ku dzuwa la masana. Mwambo wa chikuta, wosunga mai ndi mwana m'nyumba mpaka mchombo utagwa, ndi wa masiku owerengeka ndipo sungayambitse matewe. Koma usatilepheretse kuthamangira kuchipatala mwana akadwala.

Amene dzuwa likuwapweteka

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'Malawi muno munali anthu achialubino 134,636. Abale athuwa amabadwa ndi melanini wochepa kwambiri kapena opanda n'komwe. Denga lija limene ena tili nalo, iwo alibe. Mwana amabadwa wachialubino pamene bambo ndi mai onse awiri ali ndi mbeu yake m'magazi, ngakhale iwo eni ali akuda. Choncho si mlandu wa mai yekha, si tsoka, si ufiti, ndipo sizipatsirana podyera limodzi kapena pogwirana chanza.

Kuyambira chakumapeto kwa chaka cha 2014 dziko lathu linachita manyazi ndi mchitidwe wosaka, kuba ndi kupha anthu achialubino chifukwa cha bodza lakuti ziwalo zao zimalemeretsa. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango za milandu imeneyi. Koma pali mdani wina amene sachita phokoso, ndiye khansa ya pakhungu. Imayamba ndi kupsa ndi dzuwa kobwerezabwereza kuyambira paubwana. Pakhungu pamabwera timawanga tokhakhala, kenaka chilonda chosapola, kawirikawiri pankhope, m'makutu, pamilomo, m'khosi kapena pamanja. Anthu achialubino ambiri mu Africa amwalira ndi khansayi asanakalambe, pamene ndi yopeweka, ndiponso yochizika ikapezeka msanga.

Kuno ku Lifuwu ngozi ndi yaikulu, chifukwa ntchito zimene zimatipatsa chakudya ndi za padzuwa: kuwokera mpunga, kuingitsa mbalame, kukoka makoka, kuyanika nsomba. Madzi a m'nyanja ndi mchenga zimabwezeranso cheza kumaso, ngakhale munthu atavala chipewa. Ngakhale kukhale mitambo, kapena kuzizire ndi mphepo ya mwera, chezacho chimafikabe.

Munthu wachialubino adziteteze motere:

1. Avale chipewa chotambalala chotchinga nkhope, makutu ndi khosi. Kapusi satchinga makutu.
2. Avale malaya a manja aatali ndi buluku kapena chitenje chofika m'mapazi, za nsalu yosaonekera mkati.
3. Apewe dzuwa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Opanda wotchi ayang'ane chithunzithunzi chake: chikafupika kuposa msinkhu wake, dzuwa lafika poopsa.
4. Adzole mafuta oteteza khungu ku dzuwa pamalo onse osafundidwa, ndipo abwereze pakapita maora awiri kapena akatuluka thukuta kwambiri.
5. Akaona chilonda chimene chatha masabata angapo osapola, apite kuchipatala cha Lifuwu kapena cha boma ku Salima. Asayambe wataya nthawi ndi mankhwala azitsamba.

Nanga vitamini D aupeza bwanji? Khungu lake limapanga vitaminiyu msanga ndi dzuwa lochepa lomwe amakumana nalo poyenda, ndipo nsomba ndi mazira zimaonjezera. Asakhalire padzuwa dala.

Enanso amene dzuwa limawapweteka ndi odzola mafuta oyeretsa khungu. Maganizo akuti woyera ndiye wokongola ndi wopeza bwino, ndipo wakuda ndiye wa kumunda, achititsa ena kugula mafuta okhala ndi mankhwala oopsa monga hydroquinone ndi mercury. Mafuta otere amachotsa melanini, khungu limapyapyala, ndipo likakumana ndi dzuwa la kunyanja kuno limapsa ndi kuchita zigamba zakuda zovuta kuchotsa. Mercury amaononganso impso. Munthu amalipira ndalama zake kuti asasule denga limene anapatsidwa mwaulere.

Asodzi ndi alimi, ngakhale ali akuda, asamalenso maso. Cheza cha dzuwa cha zaka zambiri chimathandizira kubweretsa ng'ala. Chipewa cha mlaza chimene timaluka tokha chimachepetsa vutoli.

Zimene timamva ndi zoona zake

“Mwana wobadwa kumene akachita chikasu, ingomuyanikani padzuwa.” Ai. Khanda likayamba chikasu m'maso kapena pakhungu, lipite kuchipatala tsiku lomwelo. Chikasu chikakula chimaononga ubongo. Kuchipatala amayeza, ndipo pakafunika amagoneka mwana pansi pa nyale zapadera.

“Matewe amabwera chifukwa chomubereka mwana kumbuyo kapena chifukwa makolo anadumpha mwambo.” Ai. Kubereka mwana ndi chitenje sikupinda mafupa athanzi. Mafupa amapindika chifukwa afewa.

“Mwana wanga analandira kale vitamini kusikelo.” Kadontho kamene ana amalandira mkamwa kusikelo ndi vitamini A, woteteza maso ndi kulimbitsa thupi ku matenda. Ndi yemwenso amathiridwa mu shuga ndi m'mafuta ophikira. Ndi wofunika kwambiri, koma sagwira ntchito ya vitamini D.

“Mapiritsi a vitamini akachuluka ndiye thanzi.” Ai. Vitamini D wa m'mapiritsi akapyola muyeso amaunjikana m'thupi ndi kuononga impso. Timwe pokhapokha a chipatala atatiuza.

Ufulu ndi udindo wathu

Malamulo aakulu a dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1994, amaletsa m'gawo 20 kusala munthu chifukwa cha mtundu wa khungu lake kapena kulumala. Gawo 30 limapatsa aliyense ufulu wa chitukuko, ndipo limalamula boma kuonetsetsa kuti anthu onse ali ndi mwai wofanana pa maphunziro, chithandizo cha zaumoyo ndi chakudya. Kwa munthu wachialubino, mafuta oteteza khungu ndi mankhwala ngati mankhwala ena onse. Akasowa kuchipatala, tili ndi ufulu wofunsa mwaulemu kudzera ku komiti ya chipatala, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, khansala kapena phungu wathu. Bungwe la anthu achialubino m'Malawi, APAM, limathandizanso kufikitsa madandaulo otere kwa akuluakulu.

Kusukulu, mwana wachialubino aloledwe kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali, asaimikidwe padzuwa pamzere wa m'mawa kapena popatsidwa chilango, ndipo akhale kutsogolo pakuti maso ake saona patali. Mwana wotere akaphunzira adzapeza ntchito ya pamthunzi. M'chaka cha 2021 a Overstone Kondowe anasankhidwa kukhala phungu wa dera la kumpoto chakum'mawa kwa Nkhotakota, boma loyandikana nafe, ndipo anali munthu woyamba wachialubino kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lino. Tsiku la 13 Juni chaka chilichonse ndi limene bungwe la United Nations linapatula kuti dziko lonse lizikumbukira ufulu wa anthu achialubino.

Koma boma silingalowe m'nyumba iliyonse kukatulutsa agogo pabwalo. Imeneyo ndi ntchito ya banja, ya mphakati, ya mpingo ndi ya mzikiti. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi m'mudzi mwathu alipo anthu amene atha mwezi osatuluka m'nyumba? Popanda kutchula maina, chimawalepheretsa n'chiyani?
2. Pa nsomba zimene banja limapeza, ndi zochuluka bwanji zimene ana amadya? Amagawa ndani?
3. Ndi maina ati onyoza amene anthu achialubino amaitanidwa nawo? Tingawathetse bwanji pakati pa ana athu?
4. Ndi ntchito ziti za pamthunzi zimene munthu wachialubino angagwire kuno ku Lifuwu kuti azidzidalira?
5. N'chifukwa chiyani achinyamata ena amafuna kuyeretsa khungu? Makolo ndi atsogoleri a chipembedzo anganenepo chiyani?

Zoti tichite

Gulu lisankhe ntchito imodzi kapena ziwiri mwa izi, lilembe dzina la woitsogolera ndi tsiku lodzapereka lipoti:

1. Kuyendera okalamba ndi odwala, ndi kugwirizana ndi mabanja ao za masiku owatulutsira pabwalo.
2. Kupempha mlangizi wa zaumoyo kuti adzaphunzitse amai kakonzedwe ka phala la ufa wa usipa.
3. Kuluka kapena kusonkherana zipewa zotambalala za ana achialubino, ndi kukambirana ndi aphunzitsi aakulu za malo ao m'kalasi.
4. Kubzala mitengo ya mthunzi pasukulu, pachipatala ndi padoko, mvula ikayamba.
5. Kutuma anthu awiri kukafunsa kuchipatala ngati mafuta oteteza khungu alipo, ndi kudzauza gulu yankho lake.

Mau otsiriza

Taona kuti thupi limafuna dzuwa kuti lipange vitamini D, limafunanso kashiamu wa m'zakudya kuti mafupa alimbe. Taonanso kuti ambiri a ife dzuwa limatikwanira, koma okalamba, odwala ndi ana obisidwa m'nyumba akulisowa, pamene abale athu achialubino afunika kutetezedwa kwa ilo tsiku lililonse. Mutu umodzi susenza denga. Tisanabalalike, aliyense aganizire nyumba imodzi imene akaiyendere sabata ino, ndipo tikadzakumananso tidzayambe ndi kumva mmene ulendowo unayendera.